Kagudumu ka pa Uta wa a Magombo

Uta mwauona, ndipo ngati mwaukonda utengeni. Mabowo awiri mukuwasisita ndi chalawo ndi pamene panali cholozera, kachipangizo kothandiza munthu kuchalira asanaponye muvi. Chimenecho sindingakupatseni chifukwa kulibe, mukagula china nokha kutauni. Koma poti mwafunsa kuti musankhe chamtundu wanji, sendezani mpandowo kufupi ndi mbaula, mvulayi sikata msanga. Ine si mlenje. Ndinangokhala mkazi wa mlenje, n'kubereka mwana wokonda mauta, ndiye zomwe ndikuuzeni ndi zomwe ndinaona ndili pakhomo pompano.

Amuna anga anali a Magombo. M'munsi mwa phiri lino munalibe wolasa ngati iwo, ndipo ankadziwa zimenezo mopitirira muyeso. Munda wathu umayambira kuseri kwa nyumba ino n'kutsetsereka mpaka kumtsinje, kutsidya kwake ndi nkhalango yokhayokha. Chimanga chikangobereka nguluwe zimatsika, ndiye chaka chilichonse a Magombo ankakhala pakhonde lakuseri chisisira ndi mbandakucha, uta uli pamwendo. Anthu ena ankagona m'minda akuimba zitini. Ife tinkadya nyama.

Kenaka maso awo anayamba kuchita ng'ala. Anayamba kuphonya, ndipo m'nyumba muno simunakhalike. Tsiku lina vuto linali mivi, tsiku lina mphepo, tsiku lina ine chifukwa ndinatsokomola. Madzulo ena analasa mtondo wanga womwe ndinausiya pafupi ndi nkhokwe, muvi n'kulowa ndithu mpaka kuung'amba. Anauzula okha mwakachetechete, ndipo sitinakambirane za nkhaniyo.

Mwana tinali naye mmodzi, Fatsani. Enawo anapita ali makanda. Fatsani ankagwira ntchito ku Joni, pafamu ina ya nyama zakutchire komwe anthu olemera amapita kukalasa nyama ndi mauta. Ntchito yake inali yowanyamulira katundu ndi kuwakonzera mautawo. Atabwera kudzationa anabweretsa uta uwu, womwe bwana wake anautaya chifukwa unakalamba. Bambo ake ataona timawilo tili kunsongato anaseka mpaka kutsamwa.

"Iwe, uwu ndi uta kapena njinga?"

Koma atakoka kamodzi sanausiyenso. Vuto linali lakuti unabwera wopanda cholozera, ndipo maso awo anali omwe aja. Fatsani atabwerera ku Joni nkhani yonse ya pafoni inasanduka yomweyo. Ine ndinkangogwirizira foni, iwo akukangana.

"Ababa, zilipo zamitundu iwiri," anatero Fatsani. "China chili ndi tisingano titatu tosasuntha, kalikonse kali ndi kadontho kowala kunsonga. Kapamwamba ndi ka nyama yapafupi, kapansi ndi ka yakutali. Simugwira kanthu, mumangosankha ndi diso. Chinacho chili ndi kasingano kamodzi kokha, koma m'mbali muli kagudumu. Nyama ikakhala kutali mumapotokola, ikayandikira mumabweza. Mukafuna kuti kasasunthe pali kabawuti komangira."

"Ndiye nguluwe izindidikira ine ndikupotokola magudumu?"

"Nanga titatuto muzitiona, ababa? Amayi akuti munapha mtondo."

Anandiyang'ana ndi diso loipa, ine ndinayang'ana kudenga. Anavuta nazo masabata angapo. Mawa akuti titatu chifukwa mlenje weniweni sasewera ndi zala nyama ili patsogolo, mkuja akuti kamodzi. Tsiku lina ndinawapeza atandandalika njere zitatu za chimanga patebulo, atatsinzina diso limodzi, akuziyang'ana chapatali. Anakhala choncho nthawi yaitali. Kenaka anazisesa ndi dzanja n'kundiuza kuti ndiimbe foni.

"Ubweretse cha kamodzicho," anatero. "Koma manambala ako ine sindiwaona."

"Sindilemba manambala, ababa. Ndijambula munda wathu. Inu mumakhala pakhonde lakuseri, eti? Ndijambula nkhokwe, chulu, mkuyu ndi mtsinje. Nguluwe ikaima pachulu, inu mungopotokola mpaka pachulu."

"Udziwa bwanji kutalika kwake uli kumeneko?"

"Mundawo ndinaulima ndine. Uli m'mapazi mwangamu."

Anachitadi. Ankati akaweruka amayenda pabwalo la pafamupo akukumbukira munda wathu, n'kuika chitini, n'kulasa, n'kujambula pakatepi koyera komatidwa m'mbali mwa kagudumu. Foni yomaliza anati wamaliza, ndipo abwera nacho yekha mvula ikayamba.

Mvula itayamba inabwera foni ya mnzake. Galimoto ya pafamu inagubuduzika, Fatsani ali kumbuyo. Analibe mapepala oyenera, ndipo mmene uthenga unkatipeza anzake anali atamuika kale m'manda komweko. Kuno kunangofika chikwama, pa lole ya anthu onyamula katundu wa ku Joni.

Ine sindinalire. Ndikunena poyera chifukwa mudzamva kwa anthu. Azimayi anadzaza nyumba ino akudzigwetsa pansi, ine ndili duu pamphasa, ndikuyang'ana chala changa chakuphazi. Ndinkadikira kuti chisoni chibwere, koma m'kati munali zii. Ndinkamva njala nthawi ya njala, tulo nthawi ya tulo, basi.

Kwathu kuno munthu akafera kutali thupi lake osabwera, timakulunga chipatso cha mvunguti mu zovala zake n'kuchiika m'manda, kuti naye akhale ndi pogona pakati pa abale ake. Mwambowo anayendetsa ndi achimwene anga a Kachingwe, amalume ake a Fatsani. Anakhuthula chikwamacho pamphasa: malaya, mathalauza, nsapato zake zantchito, bulangeti. Pansi penipeni panali kanthu kokulungidwa m'sokosi.

"Chilichonse chomwe chili m'chikwamamu chilowe m'bokosi," anatero a Kachingwe. "Makamaka chimene manja ake anagwira komaliza. Chikatsala kunja, mwini wake amachilondola."

Onse anavomera. Koma pamene ankakhoma bokosi ndinaona thumba la jekete la a Magombo litatupa. Iwo anaona kuti ndaona. Kanthu ka m'sokosi kaja, cholozera cha Fatsani, sikanalowe m'bokosimo.

Anachimangirira pa uta chimanga chitatulutsa ngayaye. Anaika zigoba za maungu pankhokwe, pachulu, pamkuyu ndi m'mbali mwa mtsinje, n'kukhala pakhonde. Tizithunzi ta Fatsani tinali tooneka bwino: kankhokwe ka miyendo, kachulu, kamtengo, ndi kamzere kokhotakhota ka madzi. Anapotokola, n'kuponya. Anapotokolanso, n'kuponya. Zigoba zonse zinabooka pakati. Anakhala pansi atagwira utawo, akupuma ngati athamanga.

"Amake Fatsani," anatero, "mwana uja sanaphonye ngakhale phazi limodzi."

Anabweza kagudumu pankhokwe n'kupachika uta pamsomali uwo mukuuonawo. M'mawa mwake anandidzutsa ndi mkwiyo.

"Mwagwira uta wanga?"

"Ndiugwire ndiutani?"

Kagudumu kanali katapita kumapeto kwenikweni kwa katepi, kupitirira mtsinje, pomwe panalibe chojambula. Anakabweza pankhokwe. Pofika madzulo kanali kabwereranso kumapeto. Anati mwina n'kofooka, koma akakagwira kanali kolimba bwinobwino. Atatopa anangokasiya.

Patapita masiku ndinayamba kumva kaphokoso. Kanali kakang'ono, ngati chiswe chikudya denga, kungoti kheche kamodzi, kenaka bata lalitali. Ndinkakamva masana ndikupeta, kapena ndikusoka pakhomo. Ndinafufuza m'nsanamira, m'madengu, pansi pa bedi. Tsiku lina ndinangoima pafupi ndi msomaliwo ndikupukuta manja, ndipo kanalira pafupi ndi khutu langa. Kagudumu kanali katasuntha pang'ono kuchoka kumapeto, kulowera kumtsinje.

Sabata yomweyo kunabwera bambo wina wogulitsa usipa panjinga, yemwe ankadutsa kuno kawirikawiri. Akundiyezera usipa anafunsa ngati mlendo wathu anafika.

"Mlendo uti?"

"Mnyamata wina wamtali. Ndinamupitirira dzana kumlatho, wapansi, wopanda katundu, wopanda ndi nsapato zomwe. Ndinamufunsa kolowera, anati kwa a Magombo. Lero ndamupitiriranso pachigayo. Akuyenda ndithu, koma mayendedwe ake ngati munthu woti ali m'madzi."

"Nkhope yake njotani?"

Anaganiza kaye. "Sindinaione bwino, mayi. Dzuwa linali kumbuyo kwake."

Nthawi imene ankanenayo inali ya masana, dzuwa lili paliwombo. Ndinalipira usipa wanga, ndinalowa m'nyumba, ndinauthira m'madzi. Ndinakumbukira kuti nsapato zake tinazikwirira m'bokosi lija. Ndinakumbukiranso kuti kuchokera pachigayo pali kanjira kachidule kodzera kumtsinje, komwe Fatsani ankadzera pochokera kusukulu. Ndinaganiza zonsezi ndikuchotsa mitu ya usipa.

Tsiku lomwe kagudumu kanafika pakamzere ka madzi, galu wathu anadzuka mwadzidzidzi n'kutsikira kumtsinje. Ndinamuona ali chapatali akugwedeza mchira, akudumphadumpha, akuzungulira malo opanda kanthu. Atabwera anakalowa pansi pa nkhokwe ndipo anakana kudya. Kuyambira tsiku limenelo nguluwe zinasiya kulowa m'munda mwathu. Minda ya anzathu kumtunda ndi kumunsi inkagwa usiku uliwonse, wathu uli chiimire, mondokwa zikunenepa. Anthu anayamba kunena kuti a Magombo anatsirika munda.

Iwo sanasiye kukhala pakhonde. Chisisira chilichonse ankatenga uta, kukweza, n'kuyang'ana m'kamkombero ka cholozeracho, pomwe kadontho kobiriwira kankawala ngati chiphaniphani. Poyamba ankaika muvi. Kenaka ndinaona kuti phodo likumatsala pamsomali.

"Mukulondera chiyani opanda mivi?" ndinawafunsa.

"Umu ndimaona bwino," anatero osatsitsa uta. "Kunja konseku ndi chifunga, koma umu mokha ndimaona bwino."

Kagudumu katafika pamkuyu kapu inasowa. Inali kapu yachitsulo yobenthuka m'mphepete, yomwe Fatsani ankamwera kuyambira ali mwana, ndipo inkakhala pamwamba pa kabati chifukwa palibe ankaigwiritsa ntchito. Ndinakaipeza ndikukathyola nkhwani, itakhazikidwa bwinobwino pamuzu wa mkuyu, m'kati muli monyowa. Ndinaitola, ndinaitsuka, ndinaibwezera pakabati. M'mawa mwake inali pamuzu paja. Ulendo uno ndinaisiya.

Apa m'pamene ndinapita kwa achimwene. Sikuti ndinkaopa, mantha nawo anali atandithawa limodzi ndi misozi. Koma ndinkaona amuna anga akuchepa. Ankadya pang'ono, ankayankhula pang'ono, ndipo akamandiyang'ana maso awo ankadutsa paphewa langa. Padziko lonse ndinali nditatsala ndi munthu mmodzi yekha, wovuta, wonyada, wong'amba mitondo, koma wanga. Ndinkadziwa kuti akachoka ameneyo m'nyumba muno mutsala ine ndi galu.

A Kachingwe anabwera tsiku lomwelo. Anaima kutsogolo kwa uta manja ali kumbuyo, osaugwira.

"Alamu, munatinamiza pamaliro," anatero. "Masulani chinthuchi, tikachikwirire lero dzuwa lisanalowe."

"N'changa ichi. Anagulira ine."

"Anati abwera nacho yekha. Sanakupatseni m'manja. Ulendo wake sunathe."

"Ndiye mwana akubwera kwawo, inu mukufuna ndimutsekere njira?"

"Alamu, wobwera chotere sabwera kudzakhala. Amabwera kudzatenga."

"Atenge," anatero a Magombo.

Mawu amenewo anangowanena bwinobwino, ngati akunena za mchere. Achimwene anandiyang'ana ine. Ndinafunsa funso limodzi lokha.

"Nanga ine, abambo ake Fatsani?"

A Magombo anatenga uta wawo n'kutuluka nawo pakhonde, ndipo achimwene anapita kwawo akupukusa mutu.

Mawa lake a Magombo atapita kosamba ndinayesa ndekha. Ndinagwira kagudumuko kuti ndikabweze kumtsinje. Kanakana. Sikanalimbe ngati chitsulo chadzimbiri ayi, kankakoka mofewa, ngati mmene mwana amakokera dzanja lako pamsika akaona chinthu. Ndinalimbikira mpaka kanabwerera pang'ono, koma nditangochotsa zala kanayenda kokha pamaso panga kubwerera pomwe kanali, n'kuwonjezera kheche mmodzi.

Ndiye ndinachita zomwe sindinachitepo. Ndinatsitsa uta, ndinatuluka nawo pakhonde, ndinaukweza mmene ankachitira iwo. Kunali mphepo tsiku limenelo, chimanga chonse chikuweyula. M'kamkomberomo sindinaone munthu, ndisakunamizeni. Ndinaona chimanga chokhachokha. Koma pomwe kadontho kanaloza, pakati pa mkuyu ndi chulu, masamba sankagwedezeka. Munda wonse ukuvina, pamenepo pokha pali phee, kutalika kwake ngati munthu woimirira. Ndinayang'ana mpaka mkono unatopa. Kenaka ndinabwezera uta pamsomali n'kukayatsa moto, chifukwa inali nthawi yophika.

Kagudumu katafika pachulu a Magombo anayamba kuyankhula okha pakhonde, motsitsa mawu. Nthawi zina ankaseka. Madzulo ena analowa n'kundiuza kuti mwana waonda. Ndinati eya. Anati mapazi ake ang'ambika. Ndinati eya. Ndinkadziwa kuti mayi wina akanathamangira pachulupo akufuula dzina la mwana wake, ndipo ndinkadzifunsa kuti kodi ine ndinapangidwa ndi chiyani.

Tsiku lomaliza kagudumu kanalira kawirikawiri kuyambira masana. Dzuwa likulowa kanaima pakankhokwe, ndipo kupitirira pamenepo katepi kanathera. A Magombo anasamba, anavala malaya oyera a kutchalitchi, anatulutsa mipando iwiri pakhonde. Uta anausiya pamsomali. Ine ndinaphika maungu, ndinawagawa m'mbale ziwiri monga mwa masiku onse, ndipo iwo anatenga yawo n'kutuluka nayo.

Ndinali m'kati, msana nditalozetsa kukhomo lakuseri, ndikutsuka mapoto. Ndinamva nkhokwe ikulira ngati wina waitsamira. Ndinamva galu akulira mokondwa chapansipansi. Kenaka mpando wachiwiri uja unalira, mmene mpando umalirira munthu akakhalapo atatopa. M'nyumba munalowa fungo la fumbi louma, lotentha, pomwe kuno inali nyengo ya dzinja, nthaka yonse ili chinyontho.

"Amake Fatsani," anaitana amuna anga. "Simutuluka kudzapereka moni?"

"Ndikutsuka mbale," ndinatero.

Ndipo ndinkatsukadi. Ndinatsuka poto mmodzi yemweyo mpaka kunja kunada. Kumbuyo kwanga ndinkamva mawu a amuna anga, n'kukhala chete kwakanthawi ngati akumvetsera, n'kuyambanso. Khosi langa linakana kutembenuka. Mwina ndinkadziwa kuti ndikaona ndiye kuti zachitikadi. Ndinakagona iwo adakali panja, ndipo ndinagona tulo ndithu.

Chinandidzutsa ndi kheche. Kunja kunali kutayera pang'ono. Pomwe ankagona amuna anga panali pozizira. Jekete lawo linali pamsomali, nsapato zawo pakhomo, uta ndi phodo m'malo mwake. Munthu amene kuyambira ndinamudziwa sanatsikirepo kumunda wopanda uta anali atausiya. Pakhonde panali mipando iwiri ndi mbale yopanda kanthu. Munda wonse unali m'nkhungu.

Kheche. Ndinayang'ana kagudumu. Kanali katadutsa kale chulu, ndipo ulendo uno sikankayenda ngati munthu wa m'madzi. Kankapita ndithu, kulowera kumtsinje.

Sindinafuule ndipo sindinathamange. Ndinakumbukira mawu a Fatsani pafoni paja, akuti mukafuna kuti kasasunthe pali kabawuti. Ndinakapeza ndi chala, ndinakapotokola ndi mphamvu zanga zonse mpaka chikhadabo chinathyoka. Kagudumu kanaima pakamtengo. Uta unanjenjemera kamodzi pamsomali, kenaka bata.

Amuna a m'mudzi anafufuza paliponse. Anakwera phiri, anatsata mtsinje mpaka kumathithi, anafunsa m'midzi yakutsidya. Sanapeze ngakhale kansalu. A Kachingwe anati tikathyole mvunguti wina. Ndinakana.

"Sanapite," ndinawauza. "Ali pamkuyu."

Anandiyang'ana ngati wamisala, koma pamkuyupo palibe amene anafuna kuyandikira. Galu ndiye anasamukira pomwepo, osabweranso pakhomo. Ine ndinkapita m'mawa uliwonse. Mvula ikagwa usiku, pansi pa mtengowo pankatsala malo ouma, ang'onoang'ono, oyandikana, ooneka ngati mapazi a anthu awiri oima pamodzi. Ena aakulu otambalala omwe ndinkawadziwa bwino, ena aatali. Onse zala zinaloza kumtsinje. Tsiku ndi tsiku ndinkayang'ana ngati ena mwa iwo atembenukira kunyumba, koma ayi.

Ndinkawapititsira maungu, n'kuwapeza mmene ndinawasiyira, ngakhale nyerere sizinkawayandikira. Ndinkakhala pamuzu n'kuwauza za pakhomo, kuti nkhuku yaswa, kuti denga likudontha pakona. Palibe chinkayankha. M'nyumba uta nthawi zina unkalira pamsomali, ngati chingwe cha mbuzi yomangidwa ikamakoka. Ndikamva choncho ndinkadzuka n'kukalimbitsa kabawuti. Ndinkati bola ali pomwe ndikuwadziwa. Chimanga chinakhwima bwino chaka chimenecho, nguluwe osaponda ngakhale mumzere umodzi.

Kenaka kunabwera mvumbi. Inagwa osalekeza, yozizira, ya mphepo, masiku mpaka ndinasiya kuwerenga. Madzulo ena ndili pakhonde ndinamva chifuwa kuchokera kumkuyu. Chifuwa chimenecho ndinagona nacho chipinda chimodzi moyo wanga wonse, chouma, chobwera kawiri n'kutsatira kachitatu kakang'ono. A Magombo chifuwa chinkawavuta kukazizira, ndipo jekete lawo linali pamsomali kumbuyo kwanga. Ndinalitenga, ndinatsika nalo mumvula, ndinalipachika panthambi. M'mawa ndinalipeza litagwa m'matope. Malo ouma aja anali pomwepo, koma atazama m'nthaka, ngati a anthu omwe aima nthawi yaitali kwambiri.

Ndinaima pamenepo madzi akutsika m'khosi mwanga. Mwana anayenda wapansi kuchokera ku Joni wopanda nsapato, ine osatembenuka n'komwe kumuyang'ana. Tsopano ndinali nditamuimika pamvula pamodzi ndi bambo ake okalamba, kuti ine ndisakhale ndekha m'nyumba. Ndinaziona zimenezi bwinobwino, mmene munthu amaonera kuti ndowa yabooka.

Ndinakwera kunyumba. Ndinatsitsa uta, ndinakhala nawo pampando wa a Magombo pakhonde. Ndisabise, ndinali ndi kachiyembekezo kakuti ndikamasula mwina abwerera, mwina azizidwa mokwanira moti afuna moto. Kabawuti kanali katalimba, ndinachita kukamasula ndi nsonga ya mpeni.

Kwakanthawi kagudumu sikanasunthe. Mvula yokha ndiyo inkamveka padenga. Kenaka kanalira kheche kamodzi, ndipo kanasunthira kuchulu, kuno, kwa ine. Kanakhala pamenepo nthawi yokwana munthu kutembenuka n'kuyang'ana nyumba yake. Ndinaimirira kuti andione bwino. Ndinakweza dzanja, sindikudziwa ngati ndinkawaitana kapena kuwatsazika.

Kenaka kanabwerera pamkuyu, n'kudutsa. Kanayenda mosafulumira, kheche, kheche, mpaka pakamzere ka madzi. Pamenepo kanachedwa pang'ono, chifukwa mtsinje unali utadzaza ndipo mmodzi wa iwo sankaona bwino. Katadutsa kanapita mpaka kumapeto kwa katepi, ndipo kadontho kobiriwira kaja kanazima. Patapita kanthawi galu anatulukira m'chimanga atanyowa, n'kudzagona pamapazi anga.

Usiku womwewo nguluwe zinatsika. M'mawa ndinapeza munda wonse uli pansi kuyambira kumtsinje mpaka pankhokwe, mapesi othyoka, zitsononkho zotafunidwa, matope okhaokha. Ndinatola chitsononkho chimodzi. Ndipo pamenepo chinthu chinang'ambika m'chifuwa mwanga. Ndinalira mokuwa, ndinagwa m'matope, ndinaitana mayina onse awiri mpaka mawu anatha, moti anthu anathamanga kuchokera kumtunda akuganiza kuti kwagwa maliro ena. Atandipeza ndikugubuduzika ndi chitsononkho m'manja, ndinamva mayi wina akunong'oneza mnzake.

"Taonani zake. Mwana osamulira, mwamuna osamulira, koma chimanga."

Sindinawatsutse. Sabata yomweyo achimwene anakathyola mvunguti wachiwiri, tinaukulunga m'jekete lija, ndipo cholozeracho ndinachiika m'thumba mwake ndi manja anga.

Ndiye za kusankha, bambo, sankhani ndi maso anu. Ngati akuona bwino tengani cha tisingano titatu, sichisuntha ndipo sichikuuzani kanthu. Ngati afooka, cha kagudumu n'chabwino, sichinaphonyepo. Ine chomwe ndinatsala nacho ndi kheche mmodzi uja wolowera kuno, ndipo mpaka lero sindidziwa kuti anatembenuka ndani mwa awiriwo.

Mvula yakata, nyamukani kusanade. Mudzere njira yakumtunda. Yakumtsinjeyo madzulo ndimafuna izikhala yopanda munthu.